Munthu amene amayeza mafuta tisanamwetse galimoto: amaphunzitsidwa chiyani?

Pamalo omwetsera mafuta maso athu amakhala pa manambala a pampu, kuona ngati malita akugwirizana ndi ndalama. Zomwe zikudutsa m'payipi sitiziona, ndipo ngakhale titaziona sitingatolepo kanthu. Dizilo wothiridwa palafini amaoneka ngati dizilo. Petulo yemwe wamwa madzi pang'ono amanunkha ngati petulo. Tonsefe, wa minibasi, wa kabaza wa njinga yamoto, mwini chigayo, ngakhale chipatala choyendera jenereta magetsi akathima, tikudalira pepala lomwe linasainidwa kwinakwake ndi munthu amene anatunga mafuta okwana botolo limodzi, kuwayeza, n'kulemba kuti malita mamiliyoni omwe anatungamowo ali bwino. Munthu ameneyo sitimudziwa, koma dzanja lake lili mu injini iliyonse.

Ku Malawi kulibe chitsime cha mafuta, kulibenso fakitale yoyengera. Mafuta amatsika m'sitima zapamadzi pa doko la Beira kapena Nacala ku Mozambique, kapena Dar es Salaam ku Tanzania. Oitanitsa akuluakulu ndi NOCMA, kampani ya boma yomwe inakhazikitsidwa mu 2010, ndi Petroleum Importers Limited, ya makampani ogulitsa mafuta. Bungwe la MERA, lomwe linabadwa ndi lamulo la 2004, limayang'anira malondawa, ndipo Malawi Bureau of Standards, yomwe ilipo kuyambira 1972, ndiyo imalemba miyezo. Tsopano werengani malo omwe mafuta amasinthira chotengera: kuchoka m'sitima kulowa m'thanki ya padoko, kuchoka mmenemo kulowa m'galimoto yonyamula mafuta kapena m'bogi ya sitima ya pamtunda, kenako nkhokwe za ku Blantyre, Lilongwe kapena Mzuzu, galimoto inanso, pomaliza thanki ya pansi pa nthaka pamalo omwetsera. Paliponse pamenepo mvula ikhoza kulowa pa chivundikiro chotha mphira, petulo wa ulendo wapita akhoza kutsalira m'chipinda chomwe lero mwathiridwa dizilo, ndipo munthu wadyera akhoza kupungula malita n'kubwezeramo china chotsika mtengo. Satifiketi ya kufakitale yoyengera imanena za mafuta momwe analili tsiku lokwezedwa m'sitima. Za pa msewu wa Tete kapena wa Karonga siizidziwa.

Phunziro loyamba la woyeza mafuta silichitikira mu labu. Amamukweza makwerero a thanki, atanyamula botolo lomangidwa ku chingwe. Mafuta m'thanki yaikulu sakhala ofanana kuchokera pamwamba mpaka pansi. Olemera amakhazikika mmunsi, madzi ndi dzimbiri zimagona pansi penipeni, ndipo ngati athira katundu watsopano pamwamba pa wakale, awiriwo akhoza kukhala mosanjikizana kwa masiku osasakanikirana. Choncho amaphunzira kutsitsa botolo lotseka, kulitsegula ndi kachingwe likafika pomwe akufuna, kutunga kumtunda, pakati ndi kumunsi. Pa ndodo yoyezera amapaka phala lomwe limasintha mtundu likakhudza madzi. Botolo la petulo salidzaza ndendende, amasiya kamalo, n'kulitseka msanga ndi kuliika pozizira, chifukwa mbali yopepuka ya petulo imathawa ngati nthunzi botolo likangokhala padzuwa. Chingwe sichikhala cha nayiloni, popeza nayiloni imasonkhanitsa kamoto konga komwe kamathetheka povula juzi, ndipo pakamwa pa thanki ya petulo kamoto kameneko n'kokwanira kupha anthu. Zonsezi zinalembedwa mu njira yotchedwa ASTM D4057. Aphunzitsi abwino amataya masabata pa gawo limeneli, chifukwa sampulo yolakwika ikalowa mu labu, makina ngakhale adule chotani amangoiyeza bwinobwino n'kupereka yankho loona la mafuta omwe si a m'thankimo.

Dzina la ASTM limveka kawirikawiri m'nkhani ino. Ndi bungwe la ku America lomwe linayamba mu 1898, ndipo njira zake zoyezera, pamodzi ndi za IP zochokera ku Energy Institute ya ku London ndi za ISO, bungwe la miyezo la padziko lonse, ndizo amagwiritsa ntchito pa malonda a mafuta padziko lonse. Wophunzira watsopano, makamaka amene wangochoka kuyunivesite ndi digiri ya kemisitile, amadabwa kuti n'chifukwa chiyani akumuletsa kusintha ngakhale kanthu kakang'ono. Chifukwa chake n'choti manambala ambiri a pa satifiketi ya mafuta amabadwa ndi njira yoyezerayo. Sali ngati kulemera kwa thumba la chimanga komwe sikelo iliyonse yolungama ingakupatse. Ukasintha liwiro lotenthetsera, kukula kwa kamoto kapena kuzizira kwa madzi, watulutsa nambala ina yomwe singayerekezedwe ndi ya labu ya ku Beira kapena Rotterdam.

Chitsanzo chabwino ndi flash point. Uku ndi kutentha kotsikitsitsa komwe mafuta amatulutsira nthunzi yokwanira kuyaka kamoto kakayandikira. Petulo amachita zimenezi ngakhale kutazizira kuposa mufiriji. Dizilo wabwino sayenera kutero mpaka atatenthedwa ndithu, ndipo muyezo wa ku Ulaya, EN 590, umafuna kuti apitirire madigiri 55. Ndiye petulo wochepa chabe akalowa mu dizilo, flash point imagwa ndi madigiri ambiri, ndipo ndi kuyeza kumeneku komwe kumagwira msanga galimoto yomwe sinatsukidwe bwino.

Imani pambali pa wophunzira akuyeza. Patsogolo pake pali kachikho ka mkuwa ka chipangizo cha Pensky-Martens, kolowa mamililita pafupifupi 75. Wathira dizilo mpaka pa kamzere, wavundikira, walowetsa choyezera kutentha. Njira ya ASTM D93 ikuti kutentha kuzikwera ndi madigiri 5 mpaka 6 pa mphindi, kachitsulo kotakasa kakuzungulira ka 90 mpaka 120 pa mphindi. Kukatsala madigiri pafupifupi 23 kuti afike pomwe akuyembekezera, amayamba kuviika kamoto kakang'ono ngati njere ya nandolo pa kabowo ka chivundikiro, digiri iliyonse kamodzi, ataimitsa kutakasa. Pa madigiri 54 kamotoko kamakula pang'ono, n'kuzunguliridwa ndi kuwala kobiriwira.

"Yayaka, madala," akutero mnyamatayo, cholembera chili kale pa pepala.

"Sinayake. Onanso bwino."

Kuwala kozungulira kamoto kumanamiza aliyense woyamba. Kuyaka kwenikweni n'kwina: lawi limathamanga kamodzin'kamodzi pamwamba ponse pa mafuta mkati mwa kachikho, phethi, n'kuzima. Pa 57 lachitadi zimenezo, ndipo mnyamatayo sadzasokonezanso ziwirizi. Koma ntchito sinathe. Ku Lilongwe tili mamita opitirira pang'ono 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere, mpweya sukanikiza kwambiri ngati kudoko, choncho mafuta amatulutsa nthunzi msanga. Njirayo ili ndi samu yokonzera zimenezi: uchotse mphamvu ya mpweya wa mu labu yako pa 101.3 kPa, yomwe ndi mphamvu ya mpweya pa mulingo wa nyanja yamchere, chotsalacho uchulukitse ndi 0.25, uphatikize ku zomwe wawerenga. Pa mtunda wa Lilongwe kapena Blantyre zimenezi zimabwera pafupifupi madigiri 3. Madigiri atatu amenewo ndi okwanira kubweza galimoto yabwino ya malita 35,000, kapena kukanganitsa labu ya kuno ndi ya ku Beira pa mafuta amodzi omwewo. Pali msampha winanso womwe njirayo imachenjeza: usatenge nambala ya mpweya kwa a zanyengo kapena kubwalo la ndege, chifukwa yawoyo amakhala ataikonza kale ngati ili pa nyanja. Munthu wophunzitsidwira ku Durban kapena Dar es Salaam akhoza kugwira ntchito zaka osamva kulemera kwa samu imeneyi, chifukwa kugombe siisintha kanthu kwenikweni. Kuno kwathu ndi nkhani ya tsiku ndi tsiku.

Masiku ano kuli makina omwe amachita zonsezi okha, munthu n'kungothira mafuta ndi kudina batani. Ndi abwino, ndipo amachepetsa kusiyana kwa manja. Koma ine ndili kumbali ya aphunzitsi omwe amaumirira kuti wophunzira ayambe ndi chipangizo cha manja. Amene anaonapo lawi lija ndi maso ake amakayikira makina akapereka nambala yachilendo. Amene anangophunzira mabatani amakopera chilichonse chotuluka pa sikirini.

Kuyeza kwachiwiri komwe kumachitika pa galimoto iliyonse ndi density, kunena kuti lita imodzi ya mafutawo ikulemera bwanji. Chipangizo chakale ndi hydrometer, kagalasi koyandama kokhala ndi manambala. Chimaoneka chosavuta, koma diso liyenera kukhala pa mulingo wa mafuta, thovu lichotsedwe, kagalasiko kasakhudze khoma, ndipo kutentha kuwerengedwe nthawi yomweyo, chifukwa yankho lililonse limabwezedwa ku madigiri 15. Dizilo wa muyezo wa EN 590 amakhala pakati pa makilogalamu 820 ndi 845 pa malita 1,000. Palafini ndi wopepukirapo, ndiye akathiridwa wambiri nambala imatsika poyerekeza ndi ya pa pepala lonyamulira. Apa pali ndalamanso. Petulo amafufuma kukatentha, amanyala kukazizira, ndipo kusiyana kwa madigiri 10 pa galimoto ya malita 35,000 kumafika malita pafupifupi 400. Dalaivala amene anadzaza masana kukutentha kwa Beira n'kudzatsitsa m'mamawa wa June ku Mzuzu akhoza kutchedwa mbava popanda kuba dontho, ngati woyezayo sadziwa kugwiritsa ntchito matebulo ake.

Kenako pali distillation, ya D86, yomwe kwa ine ndi imene imaonetsa bwino khalidwe la munthu. Mafuta si chinthu chimodzi ngati madzi, ndi chisakanizo cha zinthu mazanamazana, chilichonse chowira pa kutentha kwake. Woyeza amathira mamililita 100 m'botolo lagalasi, kuwiritsa, nthunzi n'kumadutsa m'payipi yozizira ndi kudontha m'choyezera, monga amatcherera kachasu. Amalemba kutentha pa dontho loyamba, pa mamililita 10, pa 50, pa 90, mpaka kumapeto. Madontho ayenera kubwera pa mamililita 4 mpaka 5 pa mphindi, ndipo ndi dzanja lake pa chowonjezera moto lomwe limasunga liwiro limeneli. Wopupuluma amakweza moto kuti akadye nkhomaliro msanga, manambala onse n'kusuntha. Akachita bwino, mndandanda umenewu umakhala ngati chidindo cha chala cha mafutawo. Petulo wosowa mbali yopepuka amavuta kuliza injini m'mawa. Petulo wokhala ndi mchira wautali kumapeto ndiye kuti mwalowa palafini kapena dizilo. Dizilo yemwe wayamba kuwira msanga wabatizidwa ndi chinachake chopepuka.

Zina ndingodutsamo. Viscosity, kukhuthala kwa dizilo, amayeza pa madigiri 40 powerenga masekondi omwe mafuta akutenga kutsika m'kapayipi kagalasi, ndipo ndi yofunika chifukwa pampu ndi mainjekita a injini ya dizilo amadzozedwa ndi dizilo yemweyo. Madzi osaoneka ndi maso amawapeza ndi njira yomwe katswiri wa ku Germany, Karl Fischer, anatulukira mu 1935. Pali kuviika kachidutswa ka kopa kopukutidwa bwino m'mafuta otentha, kuona ngati kachita mawanga.

Salufa ndiye wasintha ntchito ya mu labu m'zaka zapitazi. Mayiko a kum'mawa kwa Africa, Kenya, Tanzania, Uganda, Rwanda ndi Burundi, anatsitsa salufa wa mu dizilo kufika pa 50 ppm mu January 2015, ndipo Malawi, Mozambique ndi Zimbabwe anatsatira mu 2017. Ku Ulaya malire ndi 10 ppm kuyambira 2009. Nambala ya 50 ppm ikutanthauza magalamu 50 mu tani yathunthu. Salufa wochuluka amawononga zosefera utsi za galimoto zatsopano, ndipo utsi wake umalowa m'mapapo a ana oyenda m'mbali mwa msewu. Koma poyeza kanthu kochepa chotere, botolo lomwe dzulo munali mafuta akuda a m'fakitale, kapena jakisoni wosatsukidwa bwino, zimakwanira kuipitsa yankho. Munthu amene anazolowera nthawi yomwe salufa ankawerengedwa m'zikwi amayenera kuphunziranso ukhondo kuyambira pachiyambi, ngakhale ali ndi imvi.

Octane ndi nkhani ina. Nambala imeneyi imanena momwe petulo amapiririra kupanikizidwa mu injini osaphulika nthawi isanakwane, komwe amakaniko amakumva ngati kugogoda. Kuyeza kwenikweni kumafuna injini yapadera ya silinda imodzi yotchedwa CFR, yoyenda maulendo 600 pa mphindi, momwe petulo amayerekezedwa ndi chisakanizo cha iso-octane, yemwe anapatsidwa 100, ndi n-heptane, yemwe ndi 0. Cetane, nambala yonena momwe dizilo amayakira msanga mu injini, ilinso ndi injini yake. Makina amenewa ndi odula, ndipo woyendetsa wake amatenga nthawi yaitali kuti akhwime. Malabu ambiri ang'onoang'ono amagwiritsa ntchito kabokosi konyamula m'manja kowalitsa mafuta ndi infrared, komwe kamapereka octane m'mphindi zochepa. Wophunzira ayenera kuuzidwa mosabisa kuti kabokosiko kakuyerekeza ndi masampulo omwe kanaphunzitsidwa kufakitale. Kakakumana ndi petulo wa mtundu womwe sikanaonepo, kamaperekabe nambala yooneka bwino.

Ndipo petulo wa ku Malawi ali ndi zake. Kuyambira 1982 dziko lino limasakaniza ethanol mu petulo, wochokera ku zotsalira za nzimbe, poyamba wa Ethco ku Dwangwa, kenako kuyambira 2004 wa PressCane ku Chikwawa. Ethanol amakweza octane ndipo amapulumutsa ndalama zakunja, koma amakonda madzi. Madzi akalowa m'thanki ya petulo wopanda ethanol amangokhala pansi, mukhoza kuwakhetsa. Akalowa mu petulo wosakaniza, poyamba amasungunuka osaoneka, kenako akapitirira mlingo amakoka ethanol n'kutsika naye pansi. Pamwamba pamatsala petulo wofooka octane, pansi chisakanizo chomwe injini singayake nacho, ndipo pampu imakoka kuchokera pansi. Kosi yolembedwera dziko lomwe silisakaniza ikhoza kuidutsa nkhaniyi m'ndime imodzi. Woyeza wa kuno ayenera kuiona m'botolo ndi maso ake, akudonthezera madzi mpaka mafutawo achite mbuu n'kugawikana pawiri.

Gawo lomwe ophunzira ambiri amalida ndi la masamu, koma ndi limene limasiyanitsa woyeza ndi wodina mabatani. Munthu mmodzi akayeza sampulo imodzi kawiri, manambala safanana ndendende. Njira iliyonse imanena kuti kusiyana kovomerezeka ndi kotani kwa munthu mmodzi pa chipangizo chimodzi, komwe amati repeatability, ndi kwa malabu awiri osiyana, komwe amati reproducibility. Wogulitsa akati dizilo wake ali pa 56, wogula n'kupeza 54, sikuti wina wanama. Pali malamulo, ISO 4259 ndi ASTM D3244, onena momwe mkangano wotere umathetsedwera. Kuti labu idziwe ngati chipangizo chake chikadali cholungama, imayeza kawirikawiri mankhwala odziwika kale yankho lake. Pa Pensky-Martens, n-decane ayenera kuyaka pa madigiri pafupifupi 53. Imasunganso mafuta amodzi omwe imayeza mobwerezabwereza n'kumadontheza mayankho pa tchati chopachikidwa pakhoma. Madontho akayamba kukwera mbali imodzi masiku otsatizana, ngakhale onse akadali mkati mwa malire, ndiye kuti china chake chikusuntha. Kaya choyezera kutentha chakalamba, kaya pali potuluka nthunzi.

Zonsezi zinasonkhanitsidwa mu muyezo wa ISO/IEC 17025, womwe unakonzedwanso mu 2017. M'mayiko ambiri a SADC, kuphatikizapo Malawi, bungwe lomwe limavomereza malabu pa muyezo umenewu ndi SADCAS, ya ku Gaborone. Oyendera akabwera sakhutira ndi masatifiketi a pakhoma. Amasankha munthu, kumupatsa sampulo, n'kuima pambali kumuonerera. Amafunsa kuti anamuloleza ndani kuchita njira imeneyi, liti, ataonetsa chiyani. Chilolezocho chimaperekedwa njira imodziimodzi, ndiye munthu akhoza kukhala wololedwa kusaina za density koma osati za salufa. Labu imalowanso m'mayeso omwe sampulo imodzi imatumizidwa ku malabu ambiri m'mayiko osiyana, aliyense osadziwa yankho, kenako n'kuona amene wapatuka.

Komabe woyeza wophunzira bwino amauzidwanso malire a ntchito yake: labu imapeza chokhacho chomwe ikufunafuna. Kumapeto kwa February 2007 galimoto zikwizikwi kum'mwera chakum'mawa kwa England zinayamba kutsamwa zitamwa petulo wa pa Tesco ndi Morrisons. Kuyeza kwa masiku onse kunkaonetsa kuti petuloyo akukwana pa muyezo. Vuto linali silicon, yemwe panalibe chizolowezi chomuyeza, ndipo ankamata kachipangizo koyeza mpweya mu ekizozi. Anamulondola mpaka ku nkhokwe ya mafuta ku West Thurrock, ku Essex. Kumayambiriro kwa 2022 ku Nigeria kunalowa petulo wochokera ku Antwerp, ku Belgium, wokhala ndi methanol wambiri. Mkulu wa kampani ya boma ya NNPC pa nthawiyo, Mele Kyari, anafotokoza kuti kuyeza kwa chizolowezi, kudoko lokwezera ndi kotsitsira komwe, kunalibe gawo loyeza methanol. Mapepala onse anali oyera, injini zikuwonongeka, ndipo atachotsa petuloyo pamsika mizere ku Lagos ndi Abuja inatenga masabata. Ndi chifukwa chake mphunzitsi wanzeru amauza wophunzira kuti azinunkhiza, aziyang'ana botolo padzuwa, aziyerekeza mndandanda wa distillation wa lero ndi wa katundu wapita. Nambala ikhoza kukhala mkati mwa malire koma yosafanana ndi mafuta omwe amawadziwa, ndipo pamenepo ayenera kukauza abwana ake, osangosaina.

Mafuta a ndege ali ndi malamulo okhwima koposa. Jet A-1, yemwe ndege zimamwa pa bwalo la Kamuzu ndi la Chileka, sayenera kuundana mpaka madigiri 47 pansi pa ziro, ndipo flash point yake isatsike pa 38. Asanathire m'ndege, amatunga m'botolo loonekera kuona ngati ali mbee, n'kukoka pang'ono ndi jakisoni kudzera m'kapepala kachikasu komwe kamasanduka kobiriwira mukakhala madzi. Pa 13 April 2010 ndege ya Cathay Pacific, Airbus A330, inamwa mafuta ku Surabaya ku Indonesia pa ulendo wa ku Hong Kong. M'mapayipi a pabwalopo munali mutalowa madzi amchere, omwe anawononga zosefera za galimoto yothirira mafuta, ndipo timibulu ta m'zoseferamo tinakalowa mu injini n'kugwira mavavu oyendetsa mafuta. Pothira paja payipi inkanjenjemera modabwitsa, koma ntchito inapitirira osafufuza chifukwa chake. Pofika ku Hong Kong injini imodzi inakana kutsika mphamvu, ina inakana kukwera, ndipo ndegeyo inatera pa liwiro la makilomita opitirira 420 pa ola, pafupifupi kawiri liwiro loyenera. Anthu onse 322 anapulumuka, apaulendo 57 anavulala potuluka. Chizindikiro chinalipo, chinasowa ndi munthu wophunzitsidwa kuti chachilendo chikaoneka ntchito imaima.

Apa ndi pomwe ndimadandaula ndi momwe timaonera maphunziro kuno. Tikati tiphunzitse antchito, chimabwera m'mutu ndi sabata imodzi kunyanja, purojekita, alawansi, chithunzi cha gulu ndi satifiketi. Kosi ya masiku asanu ili ndi malo ake, imatsegula mutu pa chifukwa chomwe njira inalembedwera motero. Koma dzanja silikhwima m'holo ya hotela. Limakhwima pa tebulo la mu labu, miyezi, munthu akuyamba ndi kuonerera, kenako kuyeza wamkulu ali pambali, kenako kuyeza yekha masampulo omwe yankho lake wamkuluyo akulidziwa, mpaka manambala ake azigwera mkati mwa repeatability mobwerezabwereza. Ana athu ochokera ku University of Malawi ku Zomba, ku MUBAS ndi ku MUST amabwera ndi maziko abwino a sayansi. Chomwe amafunika ndi munthu wokhwima woti akhale naye pafupi, komanso zipangizo zoyaka. Makina oyeza salufa amafuna mpweya wa m'masilinda ndi mankhwala oyerekezera ogula kunja ndi ndalama zakunja zomwe zimasowazo. Akazima pakati pa kuyeza chifukwa cha magetsi, zonse zimayambiranso. Ndipo nthawi zambiri opita kukosi si amene amagwira mabotolo.

Pali chinthu chimodzi chomwe sichilembedwa mu njira iliyonse ya ASTM. Ganizirani nthawi ya kusowa kwa mafuta, monga tinaonera mu 2011 ndi 2012, ndi m'zaka zaposachedwapa. Mizere yagona pamalo omwetsera, zigubu zili mbwee, lamya ya bwana ikungolira. Pageti la depoti paima galimoto yomwe yayenda masiku kuchokera ku Dar es Salaam, ndipo flash point yatuluka 49. Dalaivala wafika pazenera, chipewa chili m'manja.

"Achemwali, tandithandizani. Ana anga ndinawasiya sabata yatha. Tangoyezaninso, mwina makina anu."

Kuyezanso n'kololedwa, ndipo mtsikana woyeza mafutayo ayezanso, ndi sampulo yatsopano yotungidwa dalaivalayo akuona, chifukwa mafuta otenthedwa kale ataya nthunzi yake ndipo angapereke nambala yokwera yabodza. Chosaloledwa ndi kuyeza kachitatu, kachinayi, kachisanu mpaka itapezeka nambala yokoma n'kutaya zinazo. Amaphunzitsidwa kulemba yankho lililonse ndi bolopeni nthawi yomweyo, akalakwitsa adule ndi mzere umodzi kuti cholakwikacho chiziwerengeka, asaine pambali. Koma mtsikana wa zaka 24 wolandira malipiro ochepa sangaime yekha pamaso pa mwini katundu wa mamiliyoni. Amaima ngati akudziwa kuti mkulu wa labu amuikira kumbuyo, ndiponso ngati labuyo siili pansi pa munthu yemwe ntchito yake ndi kugulitsa malita ambiri. ISO 17025 imayamba ndi nkhani imeneyi, kusakondera, isanafike pa zipangizo.

Kachiwiri yatuluka 49.5. Mtsikanayo akudzaza mabotolo ena awiri, kumata zidindo, kulemba tsiku, nambala ya galimoto ndi chipinda chomwe watungamo. Limodzi apatsa dalaivala kuti eni katundu akayezetse ku labu ina ngati akufuna. Lina likupita pa shelefu ya m'chipinda chozizira, pomwe lidikire mpaka nkhaniyo itatha. Galimotoyo aiimika pambali, yotsatira ikulowa, ndipo iye akutsuka kachikho ka mkuwa kaja, kukaumitsa, n'kudikira kuti kazizire asanathiremo dizilo wina.